Munda Wopanda Nthaka: Za Ulimi wa Kelp m'Nyanja ya Mcere

 Madzulo ano tikamba za munda wacilendo, munda wopanda nthaka, umene khasu sililowamo, umene mbeu yake imabzalidwa pa zingwe zoyandama m'nyanja ya mcere. Maiko athu atatu, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ali kutali ndi nyanja yotere, ndipo ambiri a ife tidzakalamba osaiona ndi maso. Komabe ndife alimi, ndipo mlimi akamva za munda wa mnzake amachera khutu, pakuti kapena angatolepo nzeru yokathandiza kwao.

Ndere tonse timazidziwa, zobiriwira zija zimene zimayala pamwamba pa thamanda ndi kuteretsa miyala ya kumtsinje. M'nyanja zozizira za dziko lapansi muli mbale wao wamkulu wa ndere zimenezi, dzina lake pa Cingerezi ndi kelp. Maonekedwe ake ndi ofiirira ngati fodya wa m'cigafa. Kunsi kwake kuli timanja togwira mwala zolimba, tonga zala za nkhuku; pamwamba pa timanjato pali phesi lalifupi, ndipo pa phesilo pamacokera tsamba lalitali. Mtundu umene umalimidwa koposa yonse ndi wa ku Japan, ku Korea ndi ku China, umene akatswiri anaupatsa dzina lakuti Saccharina japonica. Ku Japan amati kombu; ku China amati haidai, ndiko kunena kuti lamba wa m'nyanja, pakuti tsamba lake limatalika mamita awiri kufikira asanu. Ulipo mtundu wina, Macrocystis pyrifera, umene umapitirira mamita 40, ndipo pa nyengo yabwino umakula theka la mita tsiku limodzi.

Tsono mvetsani bwino apa, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Timanja tija si mizu ai. Nchito yake ndi kugwira cabe, sitiyamwa kanthu. Kelp amadya ndi thupi lake lonse. Tsamba ndilo limayamwa cakudya cosungunuka m'madzi amene ali kudutsa. Motero kwa iye madzi ndiwo nthaka, ndiwo manyowa, ndiwonso mvula. Madziwo akasintha, makulidwe a tsamba amasintha, ndipo zimene ziri m'kati mwa tsambalo zimasinthanso. Alimi awiri akhoza kutenga mbande za kholo limodzi, wina nabzala pa gombe ili, wina pa gombe ilo, ndipo pokolola mmodzi apeza tsamba lokhuthala lodzala shuga, mnzake apeza lopyapyala lodzala madzi ndi mcere. Ife siticita nazo kaso zimenezi, pakuti tidziwa kuti cinangwa ca caka ca cilala cimawawa koposa ca caka ca mvula, ngakhale mbeu ndi imodzimodzi.

Kodi anthu amamulimiranji kelp? Coyamba, ndi ndiwo ndiponso ndi cokometsera msuzi kwa anthu a kum'mawa kwa Asia. Caciwiri, muli mankhwala. M'caka ca 1811 Bernard Courtois wa ku France anapeza ayodini m'phulusa la ndere za m'nyanja, ndiye cinthu cija cimene thupi likacisowa munthu amatupa pakhosi, nthenda imene ife timati cithokomiro. Asing'anga a ku China anali atadziwa kale-kale kuti ndere zimenezi zimaphwetsa khosi lotupa, ngakhale cifukwa cake sanacidziwe. Cacitatu, m'caka ca 1881 E. C. C. Stanford wa ku Britain anatulutsamo cinthu conanda ngati ulimbo, dzina lake alginate, cimene lero amacithira m'zakudya zina, m'utoto wosindikizira nsalu, ndi m'nsalu zomangira mabala.

Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku China anali kugula kelp ku Japan ndi ku Korea, cifukwa m'madzi ao sanali kumera. Anayamba kuoneka pa doko la Dalian m'caka ca 1927, mbeu yake itacokera ku Japan. Ulimi weni-weni wa pa zingwe unakhazikika ku Qingdao kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, ndipo amene anatsogolera ophunzira pa nchitoyi ndi Tseng Cheng-kuei, amene anabadwa mu 1909 namwalira mu 2005. Ciwerengero ca bungwe la FAO cionetsa kuti mu 2019 alimi anakolola matani oposa 12 miliyoni a kelp wamuwisi, ndipo mbali yaikulu inacokera ku China. Tiyeni tione adani amene anthuwa analimbana nao, pakuti mdani ali yense atiphunzitsa cimene mbeu imeneyi imafuna.

Mdani woyamba ndi kutentha. Kelp ameneyu kwao ndi ku Hokkaido, cisumbu ca kumpoto kwa Japan, ndi magombe ena oyandikana naco, kumene madzi ndi ozizira. Amatalika msanga madzi akakhala pakati pa madigiri 5 ndi 10, koma akapitirira madigiri 20 amaleka kukula, nayamba kuola kuyambira kunsonga. Kumbukirani kuti maiko amenewo ali kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo nyengo zao ndi zotembenuka: pamene ife tiri kuotha moto mu Juni ndi Julai, iwo ali m'kati mwa kutentha, ndipo cisanu cao cimagwa mu Disembala ndi Januwale. Ku Qingdao madzi amafunda kwambiri mu Ogasiti, kotero kuti kelp wosiyidwa pa zingwe za pamwamba sapulumuka.

Poyamba alimi anali kudikira kufikira Okutobala, madzi atazizira, kuti atenge mbeu. Mbeu ya kelp ndi fumbi losaoneka ndi maso, limene limatuluka m'mawanga akuda a pa tsamba lokhwima, nkusambira m'madzi, nkukamamatira pa cingwe. Koma mbeu ya Okutobala inali kumera pamodzi ndi ndere zina zacabe, zimene zinali kuitsamwitsa monga udzu utsamwitsa cimanga cosapalira. Nzeru imene inapezeka ca pakati pa zaka za m'ma 1950 ifanana ndi nazale wa fodya. Amatenga mbeu mu Juni kapena Julai, kutentha kusanafike pacimake, naisunga m'nyumba zagalasi, m'madzi oziziritsidwa ndi makina pa madigiri 10 kapena kuceperapo. Pofika Okutobala mbande zimakhala zitaphuka kale. Zikatsitsidwa m'nyanja ndere zacabe sizingazipambanenso, ndipo zimakhala zitapindula miyezi iwiri ya kukula. Zikatalikirapo amaziokera ndi manja, imodzi-imodzi, m'mapotedwe a cingwe cina, mbande ngati 30 pa cingwe ca mamita awiri. Ndi nchito yozizira m'manja, ndipo imagwiridwa cisanu ciri kuyamba.

Mdani waciwiri ndi njala. Madzi a Yellow Sea, nyanja imene mzinda wa Qingdao uli m'mphepete mwake, ndi osauka pa naitrojeni, cakudya comwe cija cimene cimanga cathu cikacisowa masamba amacita cikasu. Kelp wa m'madzi otere anali wotumbuluka, wopyapyala ndi wopinimbira. Koma feteleza ungamuthire bwanji m'nyanja? Ukamwaza, madzi amukokolola iwe usanafike nkumtunda komwe. Apa anathandiza ndi oumba mbiya. Anaumba timiphika ta dothi tosapaka kanthu, tonga mtsuko watsopano umene umacita thukuta, nathiramo feteleza, natseka pakamwa, natipacika pa zingwe pakati pa mbeu. Fetelezayo anali kutuluka pang'ono-pang'ono m'timabowo ta dothi, pafupi peni-peni ndi tsamba. Pambuyo pake anapeza njira zina, monga kupopera madzi a feteleza ali m'bwato, ndi kunyika mbande m'madzi otere kanthawi.

Kuyambira 1956 anayesanso kusamutsira ulimiwu kumwera, ku Zhejiang ndi ku Fujian. Kumeneko nyengo yozizira ndi yaifupi, koma madzi ndi olemera cifukwa ca mitsinje imene imatsira cakudya m'nyanja. Motero kelp amakula msanga, nakololedwa kutentha kusanafike. Masiku ano Fujian ndi Shandong ndiwo madera awiri amene amakolola koposa m'dzikomo. Pa gombe la Sanggou, ku Shandong, amalima kelp pamodzi ndi nkhono za m'nyanja za mitundu ingapo: zotuluka m'thupi mwa nkhonozo zimadyetsa kelp, ndipo nyenyeswa za kelp zimadyetsa nkhono, monga khola ndi munda zithandizana pa mudzi. Ku Norway ndi ku Scotland anaona kuti kelp wobzalidwa pafupi ndi makola a nsomba za salmon amatalika koposa wa kutali, ndipo tsamba lake limakhala ndi naitrojeni wambiri.

Kuwala kwa dzuwa nako kuli ndi muyeso wake, ndipo apa ndi pamene mlimi wa pa zingwe apambana mlimi wa pa mtunda, pakuti iye akhoza kukweza munda wake wonse kapena kuutsitsa. M'madzi amatope, monga a kumwera kwa China, kuwala sikulowa patali, ndipo zingwe zimakhala pafupi ndi pamwamba. M'madzi oyera zimatsikirapo. Kuwala kukacepa tsamba limafewa ndi kuola mobiriwira, makamaka pa mbeu za kunsi kwa cingwe zimene zaphimbidwa ndi zinzake. Kukaculuka pamene cakudya ciri cocepa, tsamba limayera ngati nsalu yosuluka, nkuyamba kuyoyoka. Cifukwa ca ici alimi amene amapacika zingwe zao colendewera amazitembenuza nthawi ndi nthawi, kuti za kunsi zipite pamwamba. Ena amazigoneka copingasa kuti mbeu zonse zilandire dzuwa mofanana. Kubzala mothithikana kumabweretsa bvuto lomwelo: mitengo imakhala yambiri, koma masamba ake ndi opyapyala, a mtengo wotsika pa msika.

Palinso mwambo wina umene alimi a fodya aumvetsa msanga. Tsamba la kelp limakula kucokera kunsi, pamene lakumana ndi phesi. Nsonga ndiyo mbali yokalamba, imene madzi amaidya tsiku ndi tsiku. Motero alimi a ku China amadula nsongazo madzi asanafunde, naziumitsa, m'malo mozisiya kuti zitayikire m'nyanja. Ndipo mbali yotsalayo imalandira kuwala ndi madzi oyenda koposa kale.

Mafunde ndiwo amaumba maonekedwe a tsamba. Pamalo pabata limakhala lotambalala, lopyapyala, la makwinya m'mbali. Pamalo pa mafunde limakhala lopapatiza, lokhuthala ndi losalala. Madzi oyenda ndi abwino, cifukwa amabweretsa cakudya catsopano pa tsamba nthawi zonse, koma akanyanya amadula zingwe ndi kukokolola mbeu. Ndipo mvula imene ife timaipempherera, kwa mlimi wa kelp ikhoza kukhala tsoka. Mitsinje ikasefukira, madzi opanda mcere amayandama pamwamba pa a mcere, ndipo tsamba likakhala m'menemo limatuluka matuza. Mankhwala ake ndi kutsitsa zingwe msanga kuti zikhale kunsi kwa madziwo.

Tafika tsopano pa cinthu cacikulu koposa, ndico nthawi yokolola. Kelp wamuwisi ndi madzi okha-okha: pa magawo 10, magawo 8 kapena 9 ndi madzi. Cotsala akauma ndico cimene wogula amafuna, ndipo m'menemo zinthu zazikulu ndi izi: mcere wa mitundu-mitundu umene umatsala ngati phulusa tsamba likapsa, alginate uja, mapuloteni omanga thupi, ndi shuga wa mitundu iwiri, mannitol ndi laminarin. Mannitol ndiye ufa woyera wozunako umene umaoneka pa kombu wouma. Ca m'ma 1950 W. A. P. Black wa ku Scotland anapima kelp womera yekha m'magombe a kwao mwezi ndi mwezi, napeza kuti zinthuzi zimasinthana monga mbale ziwiri za sikelo. Kumapeto kwa cisanu tsamba liri ndi phulusa lambiri ndi mapuloteni ambiri, koma laminarin ndi wocepetsetsa, mwina palibe nkomwe. Kumapeto kwa nyengo yotentha sikelo imatembenuka: shuga wa mitundu iwiriyo akhoza kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a tsamba louma, pamene mapuloteni amatsika kwambiri.

Cifukwa cake ncomveka. M'cisanu anamondwe amabvundula nyanja, ndipo naitrojeni wa pansi amakwera pamwamba. Koma masiku ndi afupi, dzuwa ndi locepa. Kelp amayamwa naitrojeni ameneyo namusunga m'thupi. Masiku akayamba kutalika iye amakula mwamphamvu, koma nthawi yomweyo tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi timaswana mwaunyinji, nkumaliza naitrojeni wa pamwamba. Pofika Juni dzuwa ndi lambiri, cakudya palibe. Tsamba limapangabe shuga, koma popanda naitrojeni silingamange thupi latsopano. Motero limaunjika shugayo m'kati mwake ngati m'nkhokwe, kuti adzalithandize m'mdima wa cisanu cotsatira. Amene anagwirako nchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, ku Nakambala kapena ku Triangle adziwa cinthu cofanana ndi ici: nzimbe imazuna pamene yaleka kukula, ndico cifukwa cake amaleka kuthirira nthawi yodula ikayandikira.

Ku Shandong alimi amaona zimenezi ndi maso. Madzi akayamba kufunda, pakati pa madigiri 13 ndi 20, tsamba silitalikanso kweni-kweni, koma limakhuthala ndi kulemera. Wokolola msanga amasenza madzi. Wocedwa amapeza nsonga zitaola. Kukolola kwao kumagwa pakati pa Meyi ndi Julai, ndipo masiku amenewo magombe amadzala ndi masamba oyanikidwa pa dzuwa.

Kodi tsono mlimi ali yense angodikira kuti shuga aculuke? Akulu anati walira mvula walira matope. Ku Norway, kumene amalima mtundu wa Saccharina latissima, madzi akafunda ca mu Juni kumabwera tizilombo tating'ono timene timamanga timanyumba tao pa tsamba, mawanga oyera onga cipere. Tsamba lotere limathyoka msanga, ndipo siligulikanso ngati cakudya. Motero ambiri amakolola mu Epulo, mu Meyi kapena kuciyambi kwa Juni, tsamba likali losalala, ngakhale lisanafike pa kulemera kwake konse. Ophunzira a m'dzikomo anabzala kelp pa malo 9, kuyambira kumwera kufikira kumpoto kwa dziko lao, zingwe zina pa kuya kwa mita imodzi kapena mamita awiri, zina pa mamita 8 kapena 9, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2020. Kumpoto tizilombo tija tinacedwa kufika, ndipo kelp anakulabe nthawi yaitali. Wa pafupi ndi pamwamba kawiri-kawiri anali wolemera koposa, koma wa pansi, amene analandira kuwala kocepa, anali ndi mapuloteni ambiri pa muyeso womwewo wa tsamba.

Cifukwa ca zonsezi mlimi wanzeru amayamba wafunsa wogula asanamange cingwe. Wophika ndiwo afuna tsamba losalala, lopanda mawanga. Wopanga cakudya ca ziweto afuna mapuloteni. Wofuna kufulula mafuta oyendetsera makina afuna shuga. Wa fakitale ya alginate afuna ulimbo uja. Mbeu ndi imodzi, koma gombe, kuya kwa cingwe ndi mwezi wokolola ziyenera kusiyana monga mwa cofuna ca yense wa iwo.

Za ayodini ziyenera mau ake-ake, pakuti zikhudza moyo wa munthu. M'madzi a m'nyanja ayodini ndi wocepa ndithu, koma mitundu ina ya kelp imamusonkhanitsa m'thupi kufikira kuposa wa m'madziwo ka 30,000. Munthu wamkulu amafuna mamaikrogramu 150 pa tsiku, muyeso wocepa kotero kuti gramu imodzi ya ayodini ingamukwanire zaka 18. Kacidutswa ka kelp wouma kolemera gramu imodzi kakhoza kukhala ndi ayodini wa masabata awiri kapena kuposerapo. Ameneyo ndi mankhwala, koma mankhwala akapyola muyeso amasanduka ululu. M'caka ca 1965 madokotala a ku Japan analemba za anthu a m'magombe a Hokkaido amene anatupa makosi cifukwa ca kudya ndere zambiri tsiku ndi tsiku. Kusowa ndi kupyola muyeso, zonse ziwiri zimabala cithokomiro.

Muyeso wa ayodini umasiyana monga mwa mtundu, malo, mwezi, ngakhale mbali ya tsamba. Ku China, kumene mafakitale anali kutulutsa ayodini m'kelp, ophunzira anasankha mbeu za ayodini wambiri m'zaka za m'ma 1970, nazipatsa manambala 860 ndi 1170. Ku Ulaya, kumene anthu sanazolowere cakudya cimeneci, alimi amafuna kumucepetsa; amabviika kelp m'madzi otentha kanthawi kocepa, monga amai acitira pofutsa masamba a mfutso, ndipo ayodini wambiri amatsalira m'madziwo. Dziwaninso kuti tsamba limene limayamwa zabwino limayamwanso zoipa. Zinthu zaululu monga cadmium ndi arsenic zimalowa m'kelp, motero munda uyenera kukhala kutali ndi madoko ndi ngalande za mafakitale, ndipo zokolola zipimidwe zisanapite kumsika. Kwa ife a kumtunda kuno, njira yapafupi yopewera cithokomiro ndi mcere wothira ayodini umene umagulitsidwa m'masitolo.

Ngakhale mlimi adziwe zonsezi, nyanja siiri m'manja mwake. Rongcheng, ku Shandong, ndi limodzi la madera odziwika koposa pa ulimi wa kelp. Kuyambira Novembala 2021 madzi a kumeneko anafiira ndi tizomera tating'ono toswana mopyola muyeso. Tinaphimba kuwala, tinamalizanso cakudya ca m'madzi, makamaka fosforasi. Mbande zinayera ndi kuolera pa zingwe, ndipo m'caka ca 2022 minda yambiri inalibe cokolola. Alimi anali omwe aja, zingwe zomwe zija, mbeu zomwe zija. Anasintha ndi madzi. Kuonjezera apo, nyanja za dziko lapansi ziri kufunda pang'ono-pang'ono, ndipo kwa mbeu imene imaola pa madigiri 20, digiri imodzi si yocepa ai. Nchito yosankha mbeu zopirira kutentha, imene Fang Zongxi anaiyamba ndi mtundu wa Haiqing No. 1 kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, ikufunika tsopano koposa kale.

Nanga kuno ku Africa? M'Nyanja ya Malawi, ya Kariba kapena ya Bangweulu kelp sangamere, pakuti madzi ake alibe mcere. Ngakhale ku Beira ndi ku Nacala sangamere, pakuti madzi a kum'mawa ndi ofunda. Koma kumadzulo, m'magombe a Namibia ndi South Africa, mumadutsa madzi ozizira a Benguela. Kumeneko mphepo ya kumwera imakankha madzi a pamwamba kuwacotsa kugombe, ndipo a pansi, ozizira ndi odzala cakudya, amakwera kulowa m'malo mwao. Abale athu amene anafika ku Cape Town anaona mapesi akuda onga nsungwi atatayidwa pa mcenga: ameneyo ndi Ecklonia maxima, kelp womera yekha, amene amadulidwa kukadyetsa nkhono za mtengo wapatali za abalone. Ku Lüderitz, m'dziko la Namibia, kumene madzi a pansi amakwera motero pafupi-fupi caka conse, kampani ya Kelp Blue inayamba kulima Macrocystis pa zingwe m'zaka zotsatira 2020, ndipo madzi ofinyidwa m'masamba ake amagulitsidwa kwa alimi a kumtunda kuti azipopera mbeu zao. Ku Saldanha Bay, ku South Africa, anayesanso kulima mitundu ya komweko. M'madzi otere mulibe njala ija ya mwezi wa Juni ya ku Norway. Motero alimi a kumeneko sangangotenga masiku obzala ndi okolola a ku Scotland kapena ku Qingdao. Ayenera kupima madzi ao ndi masamba ao okha, mwezi ndi mwezi, monga anacitira Black.

Abale omvera, mwaona kuti munda wa pa zingwe suli kutali ndi munda wathu monga tinayesera poyamba. Mlimi wa kelp amayeza kuzizira kwa madzi, amayang'ana mtundu wa tsamba, amalemba tsiku lobzala ndi tsiku lokolola, ndipo amadziwa kuti mtolo waukulu ukhoza kukhala madzi okha-okha. Nafenso pokolola fodya, nzimbe, mtedza kapena cinangwa, tisamangowerenga mitolo ndi matumba. Tizifunsanso kuti nthaka, mvula ndi tsiku lokolola zaika ciani m'kati mwa mbeuyo, pakuti cimeneco ndico cimene ana athu adzadya, ndiponso cimene wogula adzalipira.